Mmene mungalembere ndi kuveka mwana wokonda kutchena m'sewero la pa TV

Anzanga olemba masewero, pali munthu mmodzi amene ambiri amamulakwira: mwana wa zaka zapakati pa 12 ndi 16 amene mtima wake wonse uli pa zovala. Akamuika m'sewero amangomuveka magalasi akuluakulu, n'kumupatsa kayendedwe konyang'wa ndi timawu tiwiri ta Chingerezi, basi. Akalowa anthu aseke, akatuluka nkhani ipitirire ngati sanabwere n'komwe. Ine ntchito yanga ndi kuveka ochita zisudzo komanso kuthandiza kulemba timasewero ta achinyamata tojambulidwa pa kamera, ndipo mwana wotereyu ndimamukonda kwambiri. Zimandipweteka ndikamuona akuseweretsedwa.

Amene anandiphunzitsa kumulemba bwino ndi Justin Suarez, mnyamata wa m'sewero la ku America lotchedwa Ugly Betty, lomwe linkaonetsedwa pa kanema wa ABC kuyambira mu 2006 mpaka mu 2010, magawo 85 onse pamodzi. Seweroli analikonza ndi Silvio Horta, potengera sewero la ku Colombia lomwe analemba Fernando Gaitán. Ndi loseketsa, koma muli maliro, ngongole ndi misozi. Mwini nkhani ndi Betty, mtsikana wa ku Queens mumzinda wa New York, amene wapeza ntchito ku magazini ya mafashoni yotchedwa Mode ku Manhattan ngakhale kuti za zovala sazidziwa. Justin ndi mwana wa Hilda, mkulu wake wa Betty, ndipo onse amakhala nyumba imodzi ndi agogo ake a Justin, a Ignacio. Amene ankachita mbali ya Justin ndi Mark Indelicato, yemwe anali ndi zaka 12 pamene seweroli linkayamba kuonetsedwa. Ndizitchula zochitika za m'seweroli apo ndi apo, choncho ngati simunalionere, dziwani kuti ndiulula zina.

Yambani ndi zimene mwanayo amadziwa

Musanaganize zoti avale chiyani, tengani pepala mulembe zimene amadziwa zomwe akuluakulu a m'nyumbamo sadziwa. Apa m'pamene pagona zonse. Kukonda zovala ndi luso, ndipo luso limaoneka m'zimene munthu amaona, osangoti m'zimene wavala.

Olemba Ugly Betty anachenjera kwambiri pamenepa. Amene akugwira ntchito ku Mode ndi Betty, amene tsiku loyamba anapita ku ofesi atavala chinsalu chofiira chopisa mutu pakati n'kuphimba mapewa, cholembedwa Guadalajara pachifuwa, anthu onse n'kumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Amene akudziwa mayina a okonza zovala, amene saphonya pulogalamu ya mafashoni pa TV, amene akudziwa kuti wamkulu ndani ku Mode, ndi kamwana ka pasukulu kamene katsala kunyumba. Ndiye mayi ake aang'ono akathedwa nzeru, kawirikawiri nzeru zimachokera kwa iye. Mwanayo ali ndi ntchito m'nkhani. Mukamuchotsa, penapake pagwa.

Wanu akakhala wa ku Ndirande kapena ku Area 25, nzeru zake zikhale za komweko. Adziwe tsiku limene amalonda amatsegula mabelo a kaunjika, ndi kuti wofika mochedwa amapeza zotsala. Adziwe kutembenuza malaya n'kuona msoko wa mkati asanafunse mtengo. Azitha kusiyanitsa thonje ndi nayiloni pongogwira ndi zala, adziwe chitenje chimene chidzasuluke pochapa koyamba, adziwe telala amene amatha kolala ndi amene amangotha masiketi. Posankha azikhala ngati mayi wosankha tomato pamsika: kugwira, kutembenuza, kubweza, osachita manyazi ndi wogulitsa. Inu wolemba ngati zimenezi simukuzidziwa, pitani mukakhale pakhonde la telala tsiku lonse, mukamve mmene amayankhulira ndi makasitomala ake. Mawu amene mukatole kumeneko simungawapeke muli pampando.

Onani kusiyana kwake. Wolemba waulesi amalemba kuti mwana akuti, "Amayi, diresi imeneyo ndi yachikale." Mzere umenewu aliyense angaunene. Koma tiyerekeze kuti mayi akukonzekera kupita ku chinkhoswe, mwana waima pakhomo la kuchipinda:

"Amayi, tatembenukani pang'ono."
"Iwe, nthawi yatha, galimoto indisiya."
"Mapewa awa si anu. Atelala anayeza azakhali, eti? Vulani, ndigwire ndi mapini awiri kumbuyoku, simuchedwa."
"Unaphunzira kuti zimenezi?"
"Ndimaona, amayi."

Pamenepa mwana sanatchule dzina la fashoni ngakhale limodzi, koma woonera wadziwa kuti ali ndi diso, kuti amakonda mayi ake, komanso kuti diresiyo ndi yobwereka. Zinthu zitatu m'mizere isanu.

Ndalama zake zikuchokera kuti?

Funso limeneli ambiri amalilumpha, ndiye mumapeza mwana wa m'nyumba ya lendi akusintha nsapato gawo lililonse. Woonera sapusitsika. Banja la a Suarez si lolemera. A Ignacio anachoka ku Mexico ndipo kwa nthawi yaitali anali pa mavuto a mapepala okhalira m'dzikomo. Hilda ankagulitsa mankhwala ochepetsa thupi, kenako anatsegula saluni m'nyumba momwemo. Justin amaona zovala zodula pa TV ndi m'magazini, koma iye amavala zimene banja lingakwanitse: malaya a kolala, majuzi opanda manja, kampango m'khosi, zonse zaudongo ndi zogwirizana mitundu. Mtunda umene uli pakati pa zimene amalakalaka ndi zimene ali nazo ndi umene umatipangitsa kumumvera chisoni ndi kumunyadira nthawi imodzi.

Choncho werengani zovala za mwana wanu ngati mmene mayi ake angaziwerengere. Mathalauzi awiri kapena atatu, malaya anayi, juzi imodzi, nsapato za kusukulu ndi zina za Lamlungu. Ndiye luso lake lionekere posinthanitsa zomwezo. Malaya amene anavala m'gawo loyamba abwerenso m'gawo lachinayi atasintha mabatani. Kansalu kotsala pa chitenje cha mayi ake kapezeke pathumba la malaya. Woonera watcheru akazindikira kuti ndi malaya omwe aja amasangalala kwambiri, chifukwa naye amachita zomwezo kunyumba kwake.

Musaiwale yunifolomu. Mwana wa msinkhu umenewu amatha masiku ambiri ali mu yunifolomu, ndipo m'menemo ndi mmene wokonda kutchena amaonekera bwino. Onse avala zofanana, koma iye thalauzi anakalichepetsa miyendo, mzere wa ayironi uli chilili, tayi wamanga mfundo yaing'ono, nsapato zikuwala ngakhale kunja kuli fumbi. Nkhani yabwera yokha: aphunzitsi amubweza kuti akamasule thalauzilo, magetsi azima ndipo akupempha makala kwa aneba 5 koloko m'mawa kuti asite. Zoseketsa zoterezi zimachokera m'moyo wake, sizichita kumatidwa.

Ikani aliyense wa m'banja pamalo pake

Mwana wotereyu saoneka bwino ali yekha. Amaoneka bwino tikaona mmene anthu a m'nyumba mwake amamuonera, ndipo asamuone mofanana onse. Hilda amamuikira kumbuyo mwana wake mwaukali, wina asayerekeze kumunena. Agogo ake amangomukonda mwakachetechete, n'kumamuphikira. Koma bambo ake, Santos, amene sanakhale nawo pamene Justin ankakula, atabwerera zinkawavuta. Ankafuna mwana wosewera mpira, ndipo anapeza mwana wokonda nyimbo, magule ndi zovala.

Pali chochitika china m'chaka choyamba cha seweroli chimene ndimauza aliyense wolemba kuti achionere. Justin, mayi ake ndi bambo ake ali m'sitima yapansi panthaka, akupita kukaonera sewero la nyimbo ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo mumzinda wa New York, ndipo sitimayo yaima panjira. Poona kuti achedwa, Justin akuyamba kuimba ndi kuvina sewerolo yekha pamaso pa anthu onse a m'sitimamo. Bambo ake akuoneka kuti manyazi awagwira. Kenako munthu wina akumunyoza mwanayo, ndipo Santos yemweyo akuimirira n'kumuuza munthuyo kuti ameneyo ndi mwana wake, amulemekeze. Taonani mmene analukira: tayamba ndi kuseka, tadutsa m'manyazi a bambo, tathera pa chikondi chimene bamboyo sanathe kuchinena kunyumba. Ndipo olembawo sanawasandutse Santos chilombo kuti Justin aoneke wabwino. Anawasiya akhale bambo amene akulimbana ndi mtima wawo.

Inunso wotsutsa wanu mupatseni chifukwa chomveka. Bambo amene akuti "ndalama ya sopo ukuthera mabatani" sakunama, ndalamayo ndi yochepadi. Amalume amene akuti "mwamuna sakhala pa makina osokera" mwina akuopa kuti mphwawo adzasekedwa, ngakhale kuti atelala ambiri amene timawaona m'makonde a sitolo ndi amuna. Agogo aakazi akhoza kukhala amene amamubisira timapisi ta nsalu pansi pa mphasa. Mukatero m'nyumbamo mukhala mokoma kuonera.

Mupatseninso munthu mmodzi wamkulu wakunja kwa banja amene amalankhula chinenero chake. Kwa Justin anali Marc St. James, wothandizira wa bwana wina wa ku Mode dzina lake Wilhelmina Slater. Marc anali munthu wamwano amene ankanyoza Betty tsiku ndi tsiku koma akafika pa Justin ankafewa n'kumulangiza. Ubwenzi umenewo unathandiza onse awiri: Justin anapeza womumvetsa, Marc tinamuona kuti ali ndi mtima. Kwa inu akhoza kukhala telala wokalamba wa pamsika, wolusa, amene amalola mwanayo kusoka mabatani akaweruka kusukulu.

Tiseke naye

Lamulo langa ndi ili: pa nthabwala iliyonse dzifunseni kuti amene watsala wamanyazi ndani. Ngati nthawi zonse ndi mwanayo, fufutani. Mwana wokonda zovala amaseketsa chifukwa amaona zimene ena sakuona ndipo amazinena mosaopa, komanso chifukwa amatenga kolala yopindika ngati nkhani ya moyo ndi imfa. Zimenezo n'zokwanira. Sipafunika kumupunthwitsa kapena kumung'ambira thalauzi pagulu.

Izi sizikutanthauza kuti asakumane ndi omuzunza. Akumane nawo ndithu, chifukwa kusukulu aliko. M'chaka chomaliza cha Ugly Betty, Justin ali ku sekondale. M'masukulu a ku America kuli mwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa homecoming, pomwe ophunzira amasankha mfumu ndi mfumukazi, ndipo anzake anamusankha iye kukhala mfumukazi pofuna kumuchititsa manyazi. Justin anakwera pansanja, analandira chisoti, analankhula moseketsa mpaka anthu anayamba kuseka naye, kenako chisoticho anachipereka kwa mayi ake. Olemba anamupatsa chida chimene anali nacho kale, pakamwa pake ndi kulimba mtima kwake. Sanabweretse mphunzitsi kapena mkulu wina kudzamupulumutsa.

Zovala zilankhule pamene iye wasowa mawu

Mbali iyi ndi imene ine woveka anthu ndimaikonda kuposa zonse. Mukakhala kuti mwazoloweretsa woonera kavalidwe ka mwanayu kwa magawo angapo, muli ndi chida champhamvu m'manja: tsiku limene adzavale mosiyana, aliyense adzadziwa kuti zinthu sizili bwino, popanda wina kunena.

Kumapeto kwa chaka choyamba, mu 2007, Santos anawomberedwa ndi wakuba m'sitolo, usiku womwe Justin ankachita sewero la kusukulu. Chaka chachiwiri chitayamba, Justin anasintha. Anasiya zimene ankakonda, anayamba kuvala ndi kuchita zinthu ngati malemu bambo ake, n'kumavuta. Sanakhale pansi n'kunena kuti "ndawasowa bambo anga, ndipo ndikuopa kuti sindinali mwana amene ankamufuna." Kavalidwe kake kananena zimenezo.

Mukafuna kuchita zotere, konzekerani kuyambira gawo loyamba. Sankhani chizolowezi chimodzi chaching'ono chimene kamera izichiona kawirikawiri: kupukuta nsapato ndi kansanza asanatuluke, kapena kukonza kolala pa galasi losweka la pawindo. Chibwerezeni mosachita kuchilozera. Ndiye tsiku la tsoka, mwanayo adutse pagalasi paja osayang'anapo, nsapato zili mbuu. Musaike nyimbo yachisoni pamenepo, musalembe mzere woti mayi anene kuti "mwanangu wasintha." Kamera ingokhala pa nsapatozo kamphindi. Ndipo akadzachira, asabwerere ndendende mmene analili. Atenge kanthu kamodzi ka womwalirayo, lamba kapena wotchi, n'kukalowetsa m'kavalidwe kake.

Ntchito ya manja

Tsopano za pamalo ojambulira. Ugly Betty inali ndi akatswiri ngati Patricia Field ndi Eduardo Castro oyang'anira zovala, ndi ndalama zimene ife tilibe, koma mavuto a kamera ndi amodzi kulikonse.

Pokagula zovala pitani ndi mwana amene achite mbaliyo, pamodzi ndi kholo lake kapena womuyang'anira. Musiyeni asankhe zina yekha, muone chimene dzanja lake likuthamangira. Chovala chimene wachikonda amachiyendera mosiyana ndi chimene mwamukakamiza. Zonse mukagula zichapeni kaye ndi kuzisita. Chitenje chatsopano chichapeninso, chifukwa chikakhala chouma gwa chimaonekeratu kuti changochoka m'sitolo, pamene nkhani ikuti ndi cha mayi ake chakale.

Pewani nsalu za timizere ting'onoting'ono tothinana ndi timabokosi tating'ono kwambiri, chifukwa pa kamera timanjenjemera n'kumapweteka maso. Malaya oyera mbee padzuwa la masana amawala mpaka nkhope ya mwana kuda, choncho sankhani oyera modera pang'ono, kapena aviikeni m'madzi a tiyi wopanda mkaka kuti kuwalako kuchepe. Ngati mukumata maikolofoni pakolala, jekete la nayiloni lidzakusokoserani nthawi iliyonse mwana akasuntha mkono, ndipo mudzazindikira mochedwa, pokonza mawu. Yesani chovala chilichonse pa kamera yomweyo imene mujambulire, tsiku lojambula lisanafike. Zizindikiro zikuluzikulu za makampani pachifuwa zichotseni kapena ziphimbeni.

Masewero sajambulidwa motsatira nkhani. Mukhoza kujambula mwana akutuluka m'nyumba Lolemba, n'kudzajambula akufika kumsika Lachisanu. Ndiye musanayambe chochitika chilichonse mujambuleni pa foni kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo lembani m'kope nambala ya chochitikacho, mabatani angati anali otsegula, manja anapinda kangati, kampango kanali mbali iti. Kwa munthu wina aliyense m'seweromo kulakwitsa pamenepa n'kwapang'ono. Kwa mwana amene nkhani yake yonse ndi zovala, woonera amaona msanga. Zovala za sewero zisapite kunyumba kwa wosewera. Zisungeni nokha m'chikwama chimodzi, pamodzi ndi singano, ulusi wakuda ndi woyera, mapini, sizasi ndi tepi yoyezera. Ngati pali chochitika choti chovala chithiridwe tiyi kapena matope, pezani ziwiri zofanana, apo ayi chochitikacho chijambuleni pomalizira penipeni.

Kumbukiraninso kuti mwana amakula. Mark Indelicato anayamba ali kamnyamata, pomaliza anali ndi zaka 15, msinkhu ndi mawu zitasintha, ndipo kavalidwe ka Justin kanakula naye limodzi. Mukamasoketsa thalauzi uzani atelala asiye nsalu yokwanira kumiyendo ndi m'chiuno kuti mudzathe kumasula. Mukapuma miyezi itatu osajambula, muyezeninso musanayambe.

Musathamangire kumumasulira

Anthu ambiri ataona Justin ankafunsa kuyambira pachiyambi ngati mnyamatayu amakonda anyamata anzake. Olemba sanayankhe kwa zaka zitatu zathunthu. Anamusiya akhale mwana, wokonda zovala ndi nyimbo, mpaka m'magawo omaliza mu 2010, pamene iye mwini anazindikira kuti amakonda mnzake wina dzina lake Austin, n'kuvina naye pa ukwati wa mayi ake pamaso pa banja lonse. Imeneyo inali njira ya Justin, ndipo inafika pa nthawi yake, iye atakula mokwanira kuti adzidziwe.

Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti zovala zisakhale chikwangwani chouza woonera za mumtima mwa mwana. Alipo anyamata okonda kutchena amene amadzakwatira n'kukhala atelala otchuka, alipo atsikana okonda mafashoni amene amakhozanso masamu kuposa kalasi yonse, aliponso onga Justin. Mukangoganiza kuti mwana wovala bwino ndiye kuti ndi wakutiwakuti, kapena kuti mtsikana wokonda zovala ndiye kuti ndi woyendayenda, mwabwerera ku munthu wa magalasi akuluakulu amene amangolowa kuti anthu aseke. Atsikana makamaka amalakwiridwa pamenepa m'masewero ambiri: akangovala bwino, gawo lotsatira ali ndi mimba kapena ali m'galimoto ya bambo wolemera. Mulembeni mtsikana amene akusunga ndalama za mandasi kuti agule makina osokera akale, amene amajambula madiresi kumapeto kwa kope la sayansi, amene amakangana ndi mayi ake za kutalika kwa siketi koma ndi iye amene adzasoke zovala za pa ukwati wa mchemwali wake.

Mukamaliza kulemba gawo loyamba, lipatseni mwana wa msinkhu womwewo amene amakondadi zovala kuti aliwerenge mokweza, inu muli chete ndi pensulo m'manja. Pamene wakwinya nkhope n'kunena kuti "ayi, munthu sanganene chonchi," chongani, ndipo mufunseni kuti akanati chiyani. Mufunseninso kuti pa zovala zimene mwalembazo ndi chiti chimene iye sangavale ngakhale mutamulipira, ndipo chifukwa chiyani. Yankho lake lilembeni momwe walinenera, mukaliike m'kamwa mwa mwana wa m'sewero lanu m'gawo lachiwiri.